Mwana amaonera kuti? Mafunso ndi mayankho okhudza mmene timatengera makhalidwe

Ndaphunzitsa zaka zambiri kuno ku Zomba, ndipo ndakhala pa misonkhano ya makolo yosawerengeka. Kawirikawiri msonkhano ukatha pamatsala mayi kapena bambo mmodzi amene amadikira kuti anthu achepe, kenako n'kundikokera pambali. Mafunso amene ali m'munsiwa ndi amene ndafunsidwa mobwerezabwereza pansi pa mitengo ya pasukulu, m'minibasi komanso potuluka m'tchalitchi.

Kodi khalidwe munthu amabadwa nalo, kapena amachita kuphunzira?

Pali zina zimene mwana amabwera nazo. Wina amabadwa wofatsa, wina wosakhazikika, ndipo mayi aliyense amene walera ana angapo amadziwa zimenezi. Koma palibe khanda limene limabadwa likudziwa kuti munthu wamkulu timamupatsa chinthu ndi manja awiri, kuti pamaliro sitiseka mokweza, kapena kuti mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi ake. Palibenso limene limabadwa likudziwa kupisa m'thumba la munthu pamsika kapena kukulunga chamba. Zonsezi zimaphunziridwa, ndipo njira yake ndi imodzi: maso ndi makutu. Akuluakulu akamati "make mbuu, mwana mbuu" ambiri timamva ngati akunena za magazi. Ine ndimamva kuti akunena za kukhalira limodzi, chifukwa mwana wa mlongo wanu amene mwamulera kuyambira ali wamng'ono amayenda ngati inu, amakalipa ngati inu, ngakhale simunamubereke.

Ndimamulangiza tsiku ndi tsiku koma samva. Chikulakwika n'chiyani?

Ndiyankha ndi zimene zinandichitikira. Chaka china ndinakongola matumba awiri a chimanga kwa bambo wina wa kudera kwathu, ndipo malipiro atachedwa ndinayamba kuwazemba. Tsiku lina madzulo ndinawaona pawindo akukhotera kwathu ndi njinga yawo. Ndinanong'oneza mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka 7, kuti, "Kawauze kuti ndapita ku Blantyre." Mwanayo anatuluka, nagwada pakhonde bwinobwino monga anamuphunzitsira amayi ake, manja ali pamodzi, n'kunena kuti, "Ababa apita ku Blantyre." Mawu ake sananjenjemere. Ine ndili kuseri kwa chitseko ndinapumira m'mwamba, ndipo atalowa ndinamusisita pamutu.

Patapita miyezi ingapo ndinamva kuti anajomba kusukulu masiku awiri n'kukauza aphunzitsi ake kuti amadwala malungo. Nditamukhazika pansi n'kumufunsa kumene anaphunzira bodza, anandiyang'ana modabwa kwenikweni. "Ababa, si paja tinawauza abambo aja kuti mwapita ku Blantyre?" Mawu akuti "tinawauza" amandipweteka mpaka lero. Kugwada kuja ndi bodza lija anazitenga m'nyumba imodzi, kwa anthu omwewo amene tinkamuuza usiku uliwonse kuti bodza ndi tchimo.

Choncho si kuti mwana wanu samva. Akumva zinthu ziwiri nthawi imodzi: zimene mukunena ndi zimene mukuchita. Ziwirizi zikasemphana, iye amakhulupirira zimene waona, makamaka ngati waonanso kuti zinakuyenderani bwino.

Pali umboni wanji woti kungoona chabe n'kokwanira kuti mwana atengere?

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi anachitika mu 1961 ku yunivesite ya Stanford m'dziko la America, motsogozedwa ndi Albert Bandura, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu. Anatenga ana 72, anyamata 36 ndi atsikana 36, a zaka zapakati pa 3 ndi 6. Ena mwa iwo anawaika m'chipinda momwe munthu wamkulu ankamenya chidole chachikulu chopopa, chimene chimati ukachigwetsa chimadzukanso. Ankachikhalira, kuchimenya nkhonya pamphuno, kuchikhoma ndi kahamala, kuchiponya m'mwamba ndi kuchimenya mateche. Ana ena anaona munthu wamkulu akungosewera mwakachetechete, ndipo ena sanaonetsedwe chilichonse. Palibe mwana amene anauzidwa kuti achite zimene waona. Koma atawasiya okha ndi chidole chija, amene anaona nkhanza aja anachimenya kwambiri kuposa anzawo, ena mpaka kubwereza mawu enieni amene wamkulu uja ankanena.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene anapeza mu 1965. Ulendo uno ana anaonera kanema. Gulu lina linaona womenya uja akuyamikiridwa ndi kupatsidwa maswiti ndi zakumwa, lina linamuona akudzudzulidwa ndi kulangidwa, lachitatu silinaone chomuchitikira. Amene anaona chilango aja sanatsanzire kwambiri. Koma ofufuza atalonjeza anawo kamphatso ngati angaonetse zimene anaona, magulu onse atatu anazichita pafupifupi mofanana. Kutanthauza kuti onse anali ataphunzira. Chilango chinangowachititsa kuti asunge mumtima, kudikira tsiku limene kuchita zimenezo kudzakhale ndi phindu.

Ena anatsutsa kafukufukuyu ponena kuti chidole si munthu, ndipo chinapangidwira kumenyedwa. Mfundo yawo ndi yomveka. Koma pitani mukaime chapatali pamene ana akuchita masanje kuseri kwa nyumba ku Chikanda kapena ku Sadzi. Muona kamnyamata kamene kasankhidwa kukhala bambo kakubwera kakudzandira, n'kuponda chitini chimene chikuimira poto, n'kukuwa kuti, "Ndiwo zake zomwezi?" Muonanso kamtsikana kakupukuta mbale ya dothi ndi nsalu yake, kakugwada popereka madzi osamba m'manja. Palibe amene anawalembera sewerolo.

N'chifukwa chiyani mwana amatsanzira munthu wina n'kusiya wina? Kunyumba kwathu tonse ndife opemphera, koma iye watengera mnyamata wa pasiteji.

Bandura anafotokoza kuti kutsanzira kumadutsa m'magawo anayi. Choyamba munthu ayenera kuchita chidwi ndi zimene akuona. Kenako azisunge m'mutu, akhale ndi kuthekera kozichita, ndipo pomaliza akhale ndi chifukwa chozichitira. Makolo ambiri timagwa pa gawo loyamba ndi lomaliza.

Mwana amachita chidwi ndi munthu amene akufanana naye koma wamuposa pang'ono, amene anthu akumutama, komanso amene amamupatsa nthawi. Gabriel Tarde, woweruza milandu wa ku France, analemba kale mu 1890 kuti kutsanzira kumatsika kuchokera kwa amene akuoneka apamwamba kupita kwa apansi. Funso ndi lakuti, m'maso mwa mnyamata wa zaka 14 wa ku Chinamwali, wapamwamba ndani? Bambo ake amachoka m'mamawa, amabwera usiku atatopa, ndipo nkhani yawo ndi ya ngongole. Mnyamata wa pasiteji uja ali ndi foni yatsopano, nsapato zoyera, amamutchula dzina, amamugulira chipisi, amamutuma ndi kumusiyira chenji. Mwanayo sakusankha uchimo. Akusankha munthu amene wamuona.

Mwana wanga anali wabwinobwino, amuononga ndi anzake. Si choncho?

Mwina ndi choncho, koma ndikupemphani tisathamangire. Pa makolo onse amene ndakhala nawo pa milandu ya kusukulu, sindinakumanepo ndi amene anati, "Mwana wanga ndi amene akuononga anzake." Aliyense amaloza kwa mwana wa eni.

Mphamvu ya gulu ndi yeniyeni. Edwin Sutherland, katswiri wa ku America wa za umbanda, anaphunzitsa mu 1939 ndi kukonzanso mu 1947 mfundo yakuti kuswa malamulo kumaphunziridwa pocheza ndi anthu apafupi, monga mmene luso lina lililonse limaphunziridwira. Iye anati mphamvu ya macheza amenewa imadalira kuti mumaonana kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, munayamba muli aang'ono bwanji, ndiponso munthuyo mumamulemekeza motani. Tayesani miyeso inayi pa mnzake wa mwana wanu, kenako muiyese pa inu eni, pa malume ake, pa mkulu wake amene amagona naye chipinda chimodzi. Nthawi zambiri apabanja ndife amene timapambana pa miyeso yonse inayi.

Chinanso, ana amasankhana. Mwana amene wayamba kale kujomba amapeza anzake ojomba kumtsinje wa Likangala nthawi ya sukulu, chifukwa ndi okhawo amene ali kunja nthawi imeneyo. Akapezana amalimbitsana, ndipo zimene mmodzi sakanayerekeza yekha amazichita ali atatu. Mwambi uja woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ndi woona theka. Umatiiwalitsa kufunsa chimene chinachititsa kuti mwana wathu akapezeke mu dengu limenelo.

Iye amadziwa kuti kuba ndi kulakwa. Nanga mtima sumutsutsa?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri sayang'ana. Munthu saphunzira mchitidwe wokha. Amaphunziranso mawu oziziritsira mtima wake. Mu 1957 akatswiri awiri, Gresham Sykes ndi David Matza, anaona kuti achinyamata ambiri opalamula amavomereza malamulo ngati wina aliyense, koma amakhala ndi zifukwa zokonzeratu zimene zimawamasula kwa kanthawi. Anazigawa m'mitundu isanu: kukana kuti ndi vuto lako, kukana kuti pali amene wapwetekedwa, kunena kuti wolakwiridwayo zimamuyenera, kuloza zolakwa za amene akukudzudzula, ndi kunena kuti unachitira anzako kapena abale.

Tamverani mmene zimamvekera m'Chichewa chathu. "Ndi mowa uja." "Ndi za boma izi, zilibe mwini." "Mwenye ameneyu amatibera kale." "Apolisiwo ndiye oyera?" "Ndikanatani, ndi mwana wa achemwali anga." Ndipo pamwamba pa onsewa pali uja timamunena tikuseka: "Mbuzi imadya pomwe aimangirira." Mawu amenewa mwana sawapeka. Amawamva pakhonde, bambo akucheza ndi anzawo za mmene anatulutsira malita angapo a mafuta a galimoto ya kuntchito. Amawamva m'minibasi pamene kondakitala watsika ndi ndalama yopinda m'manja, n'kubwerera galimoto n'kunyamuka, anthu onse ali phee, wina n'kuti, "Ndi mmene zimayendera." Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma imene inaphulika mu 2013 ana ambiri anaimva kunyumba, ndipo m'nyumba zina inkakambidwa mosirira nyumba ndi magalimoto a oganiziridwawo kuposa mokwiya.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi mtima wanga ndi likasa. Mu November 2020 boma linaimitsa mayeso a MSCE chifukwa mapepala anali atabedwa n'kufalikira, ndipo ophunzira analembanso kumayambiriro kwa 2021. Bungwe loyendetsa mayeso la MANEB likulu lake lili konkuno ku Zomba, choncho nkhaniyi tinaimva pafupi. Chimene chinandiwawa sichinali kuti ana anaonera mayeso pafoni. Chinali chakuti ndinamva makolo ena akudandaula kuti mwana wawo "anachedwa kuwapeza". Mwana amene wamva mayi ake akunena zimenezo waphunzira kuti cholakwa si kubera koma kutsalira.

Kodi zimenezi ndi za ana okha?

Ayi. Mu 1951 Solomon Asch anaika anthu akuluakulu m'chipinda n'kuwafunsa funso losavuta la kutalika kwa mizere yojambulidwa pakhadi. Ena onse m'chipindamo anali atapanganiratu kuti apereke yankho lolakwika. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposerapo, akuona ndi maso awo kuti yankholo ndi lolakwika. Koma pakakhala munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira gulu kuja kunkatsika kwambiri. Mfundo yachiwiriyi ndi imene ndimafuna anthu aziikumbukira.

Mu 1990 Robert Cialdini ndi anzake anaonetsa kuti anthu amataya zinyalala kwambiri pamalo pamene pali kale zinyalala kusiyana ndi pamalo posesa. Chikwangwani chimanena zoyenera kuchita, koma mulu wa zinyalala pansi pa chikwangwanicho umanena zimene anthu amachitadi, ndipo mulu ndi umene umamveka. N'chimodzimodzi kunyanja ya Chilwa. Msodzi wa ku Kachulu amadziwa kuti kukokola matemba ndi neti ya udzudzu kumatha nsomba, amadziwanso nyengo imene usodzi umatsekedwa. Koma akaona bwato la mnzake likubwera lodzaza popanda chomuchitikira, kusunga lamulo kumayamba kuoneka ngati kugonetsa ana ndi njala mwadala. Mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala amene amatsika m'phiri la Zomba ndi la Malosa m'bandakucha amayenda pa mfundo yomweyo.

Nanga mafilimu ndi mafoni?

Amaphunzitsa, inde. Bandura yemwe uja anapeza mu 1963 kuti ana amatsanziranso nkhanza zimene aona pakanema. Tinyumba toonetsera mavidiyo m'misika yathu timalowetsa mwana wa zaka 8 pa filimu iliyonse bola walipira, ndipo pa TikTok ndi WhatsApp palibe wapakhomo. Komabe sindivomereza kuti foni ndi imene yalera ana athu. Kanema amapereka kavalidwe, kayankhulidwe ndi njira zochitira zinthu. Koma kuti mwana akazichitedi, zimadalira ngati anthu amene amakhala nawo aziombera m'manja kapena ayi. Onerani naye limodzi nthawi zina, ndipo munene maganizo anu mokweza pa zimene mukuonazo. Kulanda foni osanena kanthu kumangomusamutsira pa foni ya mnzake.

Kale ana ankalangidwa kuchinamwali. Kodi si kutha kwa miyambo kumene kwationonga?

Miyamboyi sinathe. Kuno ku Zomba nthawi ya holide yaitali anyamata amapitabe ku jando, atsikana ku nsondo, ena ku chinamwali cha makolo awo a Chimang'anja kapena Chilomwe, ndipo mipingo ili ndi chilangizo chake. Makolo athu anazindikira kalekale kuti khalidwe silimera lokha. N'chifukwa chake anankungwi sankangolankhula. Ankaimba, kuvina, kuchita zifanizo, ndipo namwali aliyense ankakhala ndi phungu womuyang'anira, munthu woti azimuonera.

Koma njira yamphamvu imanyamula chilichonse chimene mwaikamo. Kumene ana amaphunzira ulemu, ukhondo ndi kupirira, zipatso zake zimaoneka. Kumene mwana wa zaka 10 amauzidwa kuti tsopano wakula ndipo akasase fumbi, nayenso amamvera, chifukwa wamva kwa anthu amene mudzi wonse umawalemekeza. Ine ndaonapo atsikana anzeru akusowa m'kalasi teremu yotsatira. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mafumu ambiri akhala akukambirana ndi anankungwi ndi angaliba kuti zoipazo zichotsedwe ndiponso kuti zinamwali zisamalowerere masiku a sukulu. Kholo lili ndi ufulu wofunsa amene akalangize mwana wake, ndi zimene akamuuze. Ndipo milungu itatu ya kutsimba singafafanize zaka khumi za zimene mwana waona pakhomo.

Mwana amene wakulira m'nyumba ya ndewu, ndiye kuti nayenso adzakhala wankhanza?

Chiopsezo chimakwera, koma si chiweruzo. Kafukufuku wa Cathy Widom wa mu 1989, amene anatsatira ana ozunzidwa mpaka atakula, anapeza kuti iwo ankapezeka m'milandu kwambiri kuposa anzawo, komabe ambiri mwa iwo sanakhale zigawenga. Ndikudziwa abambo ofatsa kwambiri amene anakulira m'nyumba zoopsa. Mukacheza nawo, pafupifupi aliyense amatchula munthu mmodzi: agogo, mphunzitsi, mkulu wa mpingo, bambo woyandikana nawo nyumba amene anamuona akukambirana ndi mkazi wake popanda kukweza dzanja. Anaona kuti njira ina ilipo.

Ngati m'nyumba mwanu muli nkhanza, musadzinamize kuti ana ali mtulo. Makoma athu ndi opyapyala. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo nambala yaulere ya 116, imene bungwe la YONECO la konkuno limathandiza kuyendetsa, imalandira nkhani za ana.

Ndiye tisamakwapule?

Ndikudziwa kuti ambiri tinakula ndi chikwapu ndipo timati chinatiwongola. Inenso ndinkanena choncho. Koma taganizani zimene mwana akuona pamene mukumumenya chifukwa wamenya mng'ono wake: munthu wamkulu, atakwiya, akuthetsa nkhani ndi dzanja pa munthu wamng'ono. Phunziro lake ndi lomwe lija mukufuna kulichotsa. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa zaka zambiri wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti kukwapula kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwa ndewu ndi kusamvera, osati kuchepa kwake. Kusakwapula si kulekerera. Mwana amene waba abweze yekha chinthucho kwa mwini wake, inu muli pambali pake, ndipo agwire ntchito yolipira chimene waononga. Zimenezi zimawawa kuposa chikwapu, ndipo zimamuonetsa mmene munthu amakonzera cholakwa.

Ndaganiza zomutengera ku ndende ya Zomba kuti akaone mmene akaidi akuvutikira. Zingathandize?

Maganizo amenewa anayesedwa kale ku America kuyambira m'ma 1970. Ankatenga achinyamata opulupudza kupita nawo kundende kuti akaidi akawaopseze. Ofufuza atasonkhanitsa zotsatira zake anapeza kuti amene anapita kundende aja anadzapalamula kwambiri kuposa anzawo amene sanapite. Mantha amatha msanga, koma chithunzi cha amuna oopedwa chimatsala, ndipo kwa mnyamata amene akufunafuna ulemu chithunzicho chikhoza kukhala chokopa.

Palinso ngozi ina pa kusonkhanitsa ana ovuta malo amodzi, chifukwa amaphunzitsana ndi kutamandana. N'chifukwa chake lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalimbikitsa kuti mwana wopalamula mlandu wochepa apatutsidwe ku njira ya makhothi, ndipo ngati n'kofunika kumusunga apite kumalo osinthira khalidwe monga ku Chilwa konkuno kapena ku Mpemba, osati kukasakanizidwa ndi akaidi akuluakulu. Ngakhale kusukulu, ndinasiya kuika ana onse ovuta pa benchi imodzi yakumbuyo. Ndipo samalani ndi mayina. Mwana amene pakhomo ponse akumutchula kuti "wakuba uja" amafika poti dzinalo alivale, n'kupita kwa okhawo amene sakumunyoza nalo.

Si umphawi kodi umene ukuchititsa zonsezi?

Umphawi uli ndi gawo lalikulu, ndipo kunena za kutsanzira kokha osautchula kungakhale kunamiza anthu. Umboni wina unapezeka m'boma lathu lomwe lino. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana ena a m'boma la Zomba ndi makolo awo. Kumene ndalamazo zinkaperekedwa pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu, kusiya sukulu kunachepa. Kumene zinkaperekedwa popanda lamulo lililonse, maukwati ndi mimba za atsikana achichepere zinachepa. Atsikanawo sanalalikidwe mwapadera. Chimene chinasintha ndi chakuti njira yabwino inakhala yotheka kuitsata. Koma umphawi wokha sufotokoza chifukwa chake nyumba ziwiri zoyandikana, zosowa mofanana, zimatulutsa ana osiyana, kapena chifukwa chake munthu wa malipiro abwino amaba mankhwala a m'chipatala. Sutherland yemwe uja ndi amene anayamba kuloza kuti anthu a m'maofesi nawonso amaphunzitsana kuba.

Kodi aliyense wochita zosiyana ndi anthu ndi wolakwa?

Ayi, ndipo mzinda wathu ndi mboni. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Lamulolo linachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo lero mayi wovala thalauza pa Chirunga palibe amene amamucheukira. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa nthawiyo inawerengedwa m'matchalitchi, boma n'kuitcha youkira. Patangopita masiku ochepa ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kuigwirizana nayo, pa nthawi imene kuchita zimenezo kunali kuika moyo pachiswe. Anthu ataona kuti ena alankhula, nawonso analimba mtima, mpaka pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Kulimba mtima nako kumatengeredwa. Ndipo mu 2023 khothi lalikulu la ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, patatha zaka zambiri akubwezedwa pageti.

Choncho pophunzitsa mwana kumvera, tisamuphe mphamvu yokana. Mtsikana amene sanaloledwepo kunena kuti "ayi" kwa munthu wamkulu pakhomo adzavutika kunena mawuwo kwa mphunzitsi kapena malume amene akumufuna zachipongwe.

Mwana wanga wayamba kale kuba tindalama ndi kumwa midoli. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kudziwa tsiku lake. Amadzuka nthawi yanji, akaweruka amadutsa kuti, amakhala ndi yani pakati pa 2 koloko masana ndi kulowa kwa dzuwa, amapezako chiyani kumeneko chimene kunyumba kulibe. Anzakewo aitaneni abwere pakhomo, muwapatse chakudya, muwadziwe mayina ndi makolo awo. Kungolamula kuti "usamayende ndi uja" popanda kumupatsa kwina kopita kumamusiya pa msewu womwewo.

Kenako mupezereni munthu woti azimuonera, wamkulu pang'ono kwa iye, amene amamusirira: kalipentala wa ku Matawale amene angamulole kugwira randa Loweruka, makaniko, mphunzitsi wa timu ya mpira, mtsogoleri wa kwaya. Kumuuza kuti akhale ngati dokotala amene sanamuonepo sikufika patali ngati kumuika pafupi ndi mnyamata wa m'dera lomwelo amene akudya thukuta lake ndipo anthu akumupatsa ulemu. Akachita chabwino chinenedwe pomwepo, pamaso pa anthu, monga mmene timachitira akalakwa. Uzani ankhoswe, malume ake kapena azakhali ake kuti musenze limodzi, ndipo ngati zafika pa chamba kapena mowa wa tsiku ndi tsiku, pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kapena kuchipatala msanga. Kuno tili ndi mwayi woti chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili pakhomo.

Chovuta kwambiri ndi kuyang'ana zimene iye amaona kwa inu. Ngati botolo limagona pansi pa bedi lanu, ngati mumamutuma kukagula kachasu, iye aziona kuti mwasiya kumutuma. Ine tsiku limene mwana wanga anandikumbutsa za ku Blantyre, ndinamutenga m'mawa mwake kupita naye kwa bambo a chimanga aja. Ndinawauza iye akumva kuti tsiku lija ndinali m'nyumba, kuti ndinatuma mwana kukanama, ndipo ndinapepesa. Ndinapereka theka la ngongoleyo, lotsalalo tinapangana tsiku. Bambowo anakhala chete kanthawi, kenako anaitana mkazi wawo kuti amupatse mwanayo nthochi. Pobwerera, tikuwoloka kamlatho ka matabwa, iye anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati nayenso akuyenera kukawauza aphunzitsi ake za malungo aja. Ndinati inde, ndipo Lolemba tinapitira limodzi.